Mukalemba munthu wosamalira agogo ku Harare, tsekani mipata ya kuba motere

M'nyumba zambiri za ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara muli makolo athu amene anabwera kuno mzindawu ukadali Salisbury, ena m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963. Mulinso ana awo obadwira konkuno amene nawonso imvi zili mbuu. Ambiri anagwira ukhuki ndi ntchito ya m'gadeni m'mayadi a eni ake, n'kumasunga makiyi a anthu zaka zambirimbiri. Lero ndi iwo amene akufuna wowasambitsa, wowatembenuza pabedi ndi wowakumbutsa mapilitsi a BP ndi a shuga. Ana ali ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Leeds, kapena ali momwemuno koma amalawirira m'bandakucha kukasaka dola n'kubwera kutada. Ndiye timalemba munthu.

Ntchito yake ndi yowawa, ndipo ambiri amene amaigwira ndi anthu okhulupirika. Komabe nkhani za mafuta ophikira otha msanga, akaunti ya ndalama za pa foni ya EcoCash yopanda kanthu ndi mabulangete osowa timazimva pamaliro ndi pa khomo la tchalitchi. Mukazitsata bwino mupeza kuti zimafanana: munthu mmodzi anasiyiridwa makiyi, foni ya agogo, ndalama ndi mankhwala, ndipo palibe chimene chinalembedwa. Cholinga cha malangizowa n'chakuti zinthu zinayizi zisakhale m'dzanja limodzi.

Choyamba: werengani za m'nyumba munthu asanabwere

Tengani tsiku limodzi, makamaka Loweruka pamene achibale angapezeke awiri kapena atatu. Lowani chipinda ndi chipinda mukujambula ndi foni: wailesi, TV, makina osokera, mapoto, mabulangete, nsalu za m'sutikesi, batire ndi sola ngati zilipo, njinga ya wodwala, makina oyezera BP ndi shuga. Lembani m'kope, ndipo zithunzizo muziponye pa gulu la WhatsApp la banja kuti tsiku lake lidziwike. Agogo akhalepo pamene mukuchita zimenezi, ndipo muwafunse, chifukwa katundu ndi wawo. Mudzadabwa kumva kuti mu thumba la pilo muli madola a maliro amene palibe mwana ankawadziwa.

Kenako chotsani m'nyumbamo mapepala amene kusowa kwake kungakulizeni: mapepala a nyumba, kaya ndi taitolo kapena a kukhonsolo, pasipoti, buku la bungwe la maliro, wilu ngati analemba. Asungidwe ndi wachibale mmodzi amene banja lonse lagwirizana, ndipo ena onse akhale ndi zithunzi zake. Chitupa cha agogo chimafunika kuchipatala ndi kubanki, choncho chikhale pamalo okiyidwa, m'nyumba mutsale fotokope. Aliyense amene anayendapo ulendo wa ku ofesi ya zitupa ya ku Makombe ndi munthu wokalamba wobadwira ku Dedza kapena ku Mangochi, wopanda kalata ya kubadwa, akudziwa kuti chitupa chotere chikasowa si za sabata imodzi.

Chachiwiri: mufufuzeni, ngakhale atabwera ndi mkulu wa mpingo

Ife timalemba anthu kudzera m'kudziwana. Ndi mdzukulu wa a uje, timapemphera naye, amayi ake ndi a kwathu ku Ntcheu. Kudziwanako n'kwabwino chifukwa mumadziwa kopita zinthu zikavuta. Koma n'komwenso kumatimanga pakamwa, chifukwa kufunsa chitupa kwa mwana wa mnzanu kumaoneka ngati chipongwe. Funsanibe, ndipo munene kuti ndi lamulo la banja lanu kwa aliyense.

Onani chitupa chenicheni, osati chithunzi cha pa foni, ndipo mujambule mbali zonse. Pali adzukulu ambiri a anthu athu amene alibe chitupa chifukwa makolo awo ankawalemba kuti ndi alendo, ngakhale kuti malamulo aakulu a dziko a 2013 anapereka unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC. Munthu wotere si wakuba chifukwa chosowa pepala. Koma ngati mwamulemba, pafunika wachibale wake wachitupa amene angasainire kuti akumudziwa, ndipo inuyo mukafike kumene amagona. Kwerani kombi mupite ku Epworth kapena ku Hopley komweko, mukaone khomo, mupereke moni kwa oyandikana nawo. Nambala ya foni munthu amataya tsiku limodzi.

Mupempheni kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe mlandu. Amadinditsa zala ku siteshoni, mapepala n'kupita ku likulu la CID. Ndalama yake lipirani ndinu. Dziwani kuti kalatayi imangoonetsa amene anapezeka wolakwa kukhoti, pamene akuba ambiri a m'nyumba amangothamangitsidwa mwakachetechete n'kukalembedwa pa mzere wachitatu. N'chifukwa chake mawu a kumene anagwirako kale amaposa kalatayo. Imbirani mabanja awiri, ndipo musafunse kuti "anali bwanji?" chifukwa aliyense amati anali bwino. Funsani kuti anayamba liti, anasiya liti, anasiyiranji, ankagwira ndalama kapena ayi, ndipo atabweranso angamulandire. Mukamva munthu akuzengereza pa funso lomalizali, mwamva zokwanira. Samalaninso ndi nambala imene mwapatsidwa, pena "bwana wakale" amakhala mchemwali wake. Funsani adiresi ya nyumbayo ndi dzina la wodwala amene ankamusamalira, muone ngati zikugwirizana ndi zimene iye wakuuzani.

Za setifiketi. Kuchokera mu February 2022, pamene dziko la UK linatsegula chitseko kwa osamalira okalamba ochokera kunja, Harare yense anathamangira maphunziro a unesi wothandizira. Red Cross ndi St John Ambulance ankadzaza, timasukulu ta m'makona tinabuka, ndipo mapepala abodza nawonso anachuluka. Chitsekocho chinatsekedwa mu July 2025, choncho anthu ambiri a masetifiketi akufuna ntchito momwemuno. Pitani ku ofesi imene inapereka pepalalo mukatsimikize. Kuposa apo, muyeseni pamaso panu: ayeze BP, awanyamule agogo kuchoka pabedi kupita pampando, asinthe thewera. Wophunzira zenizeni amaoneka pa mphindi zochepa, ndipo amene wanama pa pepala musayembekezere kuti adzanena zoona pa chenji.

Ngati mwadzera ku kampani yopereka antchito, funsani funso limodzi musanasaine: katundu akasowa amalipira ndani? Yankho lilembedwe.

Chachitatu: lembani pangano, ndipo muzilipira pa tsiku lake

Tsamba limodzi likukwana. Likhale ndi ntchito zake, maola, tsiku lopuma, malipiro, ndalama yake ngati ndi madola kapena ZiG (ndalama ya dziko lino), tsiku lolandira, ndi zoletsedwa. Zoletsedwazo zitchulidwe mosabisa: kubwereka ndalama kwa agogo, kulandira mphatso banja lisakudziwa, kulowetsa alendo ogona, kugwira foni ya agogo pa nkhani za ndalama, kuwasainitsa pepala lililonse, kupita nawo kubanki kapena kwa loya popanda wachibale.

Mfundo ya mphatso ndi imene imadzetsa mikangano yambiri. Agogo athu ndi opatsa. Amati, "Tenga nsalu iyi mwanawe, wandisamala." Pakatha mwezi aiwala, kapena mwana wawo wafika kuchokera ku Joni n'kuiona nsaluyo pa thupi la sisi, wosamalira uja. Musawaletse kupatsa, ndi ufulu wawo. Gwirizanani kuti mphatso iliyonse ilembedwe m'kope ndipo wachibale auzidwe tsiku lomwelo.

Malamulo a antchito apakhomo amene ali mu Statutory Instrument 377 ya 1992 amaika wosamalira okalamba ndi aulumali m'gulu lakelake, ndipo amene ali ndi setifiketi ya Red Cross malipiro ake oyambira amakhala okwererapo. Ziwerengero zake boma limasintha, choncho funsani ku ofesi ya za ntchito kapena ku bungwe la antchito apakhomo la ZDAWU. Ndinene mosapsatira: banja limene limamusiya munthu miyezi iwiri osamulipira, uku likumupatsa madola ogulira chakudya cha agogo, likudziitanira lokha vuto. Iye adzati akudzilipira, inu mudzati waba, ndipo amene adzagone ndi njala ndi agogo. Malipiro ake apite pa nambala yake, payekha, osasakaniza ndi ndalama ya pakhomo.

Chachinayi: ndalama

Apa ndi pamene pali mipata yambiri, ndipo ina ndi ya kuno kokha.

Yambani ndi chenji. Ndalama zachitsulo za dola kulibe, mapepala a dola imodzi ndi osowa, ndipo m'tishopu amakubwezerani maswiti, ZiG kapena kapepala koti mudzatenge mawa. Munthu wotumidwa kawirikawiri ndi pepala la madola 10 akhoza kumasunga kachenjiko tsiku ndi tsiku popanda amene angamugwire, ndipo pakutha kwa mwezi yakwana ndalama ya gasi. Mankhwala ake ndi kuchepetsa maulendo. Zinthu zazikulu, ufa, mpunga, shuga, mafuta, sopo, zigulidwe kamodzi pamwezi ndi wachibale, kapena muzilipire muli kunja komweko kudzera m'makampani otumiza zakudya kuti zingofika pakhomo. Wosamalira asiyiridwe ndalama yochepa ya sabata, ya buledi, masamba, tomato ndi kombi ya mwadzidzidzi. Chilichonse chilembedwe m'kope: tsiku, chinthu, mtengo, chotsala. Kumsika kulibe lisiti, n'zoona, koma mtengo wa mtolo wa repu mumaudziwa.

Mpata wachiwiri ndi wa kusinthitsa. Kuyambira mu April 2024 tili ndi ZiG pambali pa dola, ndipo mtengo wa kubanki ndi wa mumsewu sufanana. Mwamupatsa madola, iye wakasinthitsa pa kona, wagula ndi ZiG, wabwera ndi katundu yense ndi lisiti lomwe, koma wasunga kusiyana kwake. Ena amati uku ndi kuchenjera chabe. Ine ndimati ndi ndalama ya agogo. Yang'anani pa lisiti kuti analipira ndi ndalama iti, ndipo munene poyambirira kuti phindu lililonse lotere libwerere m'kope.

Wachitatu ndi foni. Agogo maso saona bwino, ndiye amati, "Tandidinira mwanawe, nambala yake ndi chaka chimene ndinabadwa." Basi, EcoCash yatseguka. Kuba kwa apa sikuyamba ndi ndalama yaikulu. Kumayamba ndi mayunitsi ndi mabandulo ogulira nambala ina, kenako madola awiri, atatu, uthenga wotsimikiza n'kufufutidwa nthawi yomweyo. Njira yabwino ndi kusasunga ndalama pa foni imene imakhala m'nyumba. Simukhadi imene imalandira ndalama ikhale ndi wachibale woyang'anira, agogo atavomereza, ndipo iwo akhale ndi nambala ina yongolankhulira. Ngati sizingatheke, sinthani nambala yachinsinsi, pa foniyo pazikhala zochepa, ndipo mukafika muzidina *151# muone zimene zatuluka. Kufufuta uthenga sikufufuta mbiri, ku shopu ya Econet mwini nambala akhoza kupempha sitetimenti.

Penshoni ya NSSA imalowa kubanki kapena pa foni. Khadi ndi nambala yake yachinsinsi zisakhale ndi wosamalira, ndipo uthenga wa kubanki wonena kuti ndalama yatuluka uzipita pa foni ya mwana. Chimodzimodzi za Mukuru, Western Union ndi WorldRemit: musatumize ndalama ya pakhomo m'dzina la wosamalira chifukwa choti agogo sangayende kukaima pamzere. Tumizirani wachibale, ngakhale akhale wa ku Chitungwiza woti akwere makombi awiri. Magetsi gulani nokha muli kutali, mungofuna nambala ya mita, kenako mutumize manambala 20 a tokeni kuti awalowetse. Madzi a kukhonsolo ndi bungwe la maliro lipirani mwachindunji. Mabanja ena amadzazindikira tsiku la maliro kuti ndalama ya bungwe inasiya kufika kalekale.

Musaiwale lendi. Nyumba zambiri za m'malokesheni zili ndi maloja, anthu ochita lendi zipinda, ndipo agogo akafooka, wosamalira ndi amene amayamba kutolera. Uzani maloja onse pamaso kuti lendi ipite pa nambala yakuti, ndipo amene wapereka kwa wina aliyense sanalipire.

Zonsezi zikunena za munthu amene sangathenso kuyendetsa ndalama zake. Munthu waulumali amene mutu wake ukugwira bwino, kaya anafa ziwalo ndi sitiroko, kaya saona, kaya amayendera njinga, ndi bwana wa wosamalirayo, ndipo khadi lake ndi lake. Achibale amene amamulanda khadi "pomuteteza" nthawi zina ndi amene amadya zambiri. Mufunseni kuti akufuna thandizo lotani. Kwa amene saona, kumbukirani kuti mapepala onse a dola ya ku America ndi ofanana kukula kwake, wa dola imodzi ndi wa 100 sasiyana m'manja. Munthu wodalirika awasanje m'maenivelopu osiyana kapena awapinde mosiyanasiyana, kuti mwini wake adziwe chimene akupereka.

Chachisanu: mankhwala, matewera ndi gasi

Kuba kwa mankhwala n'koopsa kuposa kwa ndalama chifukwa kumapha. Kumachitika m'njira zitatu: kugulitsa mapilitsi, kusagula n'komwe ndalama itaperekedwa, ndi kuwamwetsa agogo theka kuti paketi ya mwezi umodzi ifike miyezi iwiri uku ndalama ikufunsidwa mwezi uliwonse. Palinso china choipitsitsa, kuwapatsa mapilitsi ogonetsa masana kuti munthu apeze mpata wotuluka.

Gulani ku famase imodzi, ndipo mulipire nokha. Pezani kabokosi ka zipinda za masiku a sabata, wachibale azidzaza Lamlungu lililonse, otsalawo akhale mu kabati yokiya. Kuwerenga kwake n'kosavuta: ngati amamwa awiri patsiku, pa sabata achoke 14. Akachoka ambiri pali funso, akachoka ochepa palinso funso. Mankhwala opha ululu amphamvu monga tramadol, ogonetsa monga diazepam, ndi a chifuwa okhala ndi codeine ali ndi msika m'misewu yathu chifukwa cha anyamata oledzera nawo, choncho awa muziwerenga limodzilimodzi. Manambala a BP ndi a shuga alembedwe m'kope tsiku lililonse. Mukaona nambala yomweyo sabata yonse, dziwani kuti akungolemba. Makina ambiri amasunga zoyeza zakale, dinani muone.

Matewera a akulu ndi odula ndipo amagulitsika msanga. Lembani tsiku pa paketi pamene yatsegulidwa. Akamatha msanga koma agogo ali ndi zilonda za pabedi ndi fungo la mkodzo, matewerawo sakuthera pa thupi lawo. Gasi amagulitsa pa makilo, ndiye kutumidwa makilo asanu n'kudzaza atatu n'kosavuta, kasikelo ka m'manja kamathetsa nkhaniyo. Chakudya musalimbe nacho mtima kwambiri. Munthu wogona pakhomo ayenera kudya n'kukhuta, ndipo kuwerenga magawo a buledi kumangobala chidani. Choyang'ana ndi thupi la agogo. Nyama ikamatha iwo akuonda, lamba akumanga pa bowo lina, ndiye kuti mbale yawo ikupita kwina.

Chachisanu ndi chimodzi: muzifika osanena

Kope limagwira ntchito ngati wina akulitsegula. Sankhani munthu mmodzi woyang'anira, osati ana onse kumalamula pa foni, aliyense zake. Afike masiku osiyanasiyana, pena m'mawa, pena madzulo. Ngati ana onse ali kunja, pemphani amayi a Chigwirizano kapena a Mvano, akuluakulu a kumzikiti, kapena anzawo a bungwe la maliro kuti azidzera. Anthu amenewa amaona zambiri, ndipo agogo amawamasukira kuposa ana awo.

Mukafika pezani nthawi yokhala ndi agogo awiriwiri. Mutumeni wosamalira kukagula kanthu. Musafunse kuti "akukuberani?" chifukwa adzakana. Amaopa kuti mukachoka atsala ndi munthu yemweyo amene amawasambitsa, ndipo amaopanso kuti akachotsedwa sipabwera wina. Funsani zazing'ono. "Agogo, dzulo munadyera chiyani? Nanga wailesi ija mwaisunga kuti? Kunabwera ndani sabata ino?" Ngati wosamalirayo amamva Chishona chokha, Chichewa chimakupatsani mpata ngakhale pa foni iye ali pomwepo.

Zizindikiro zina zimaonekera patali. Mukaimba nthawi iliyonse mumve kuti "gogo agona", kapena foni yawo imangokhala yozima. Anzawo akale akubwezedwa pa geti. Agogo ayamba kunena kuti ana anawataya ndipo amene amawakonda ndi sisi yekha, mawu amene si awo. Pabwera "mlongo" kapena "malume" wa wosamalirayo amene akugona pakhomo. Ndipo mukangomva za pepala loti asaine, za loya, kapena za kusintha dzina la nyumba, siyani zonse mupite tsiku lomwelo. Nyumba za ku Highfield ndi Mbare zimene makolo athu anazivutikira zili ndi mtengo tsopano, ndipo kubweza nyumba yogulitsidwa mwachinyengo kumatenga zaka kukhoti.

Kamera imathandiza pabalaza ndi pa geti ngati muli ndi sola ndi intaneti. Muuzeni wosamalirayo kuti ilipo, ndipo agogo avomere. M'bafa ndi pamene amavulira musaike.

Chachisanu ndi chiwiri: chinthu chikasowa, musathamangire kuloza chala

Matenda oiwalaiwala amayamba motere kawirikawiri: munthu wabisa chikwama pansi pa matiresi kuopa akuba, waiwala, ndiye akuti wabedwa, ndipo amene amamuloza ndi amene amamuona tsiku lonse. Osamalira abwino ambiri achoka akulira chifukwa cha ndalama imene inapezeka pambuyo pake mu chitini cha shuga. Funani kaye m'malo amene amakonda kubisa, m'masokosi, m'Baibulo, m'mfundo ya mpango. Ngati kuiwala ndi kukayikira anthu kukuchuluka, pitani nawo kwa dokotala, ndipo bungwe la ZARDA muno mu Harare limalangiza mabanja a odwala matendawa. Koma musalowenso mbali inayo, yoti chilichonse chimene anena muziti ndi ukalamba. Munthu woiwala amaberedwanso, ndipo akuba amamukonda chifukwa palibe womukhulupirira. Chimene chimaweruza ndi kope, zithunzi ndi sitetimenti.

Kenako lembani onse amene amalowa m'nyumbamo. Muli mdzukulu wosagwira ntchito amene wayamba kusuta mankhwala ozunguza bongo a mutoriro. Muli loja. Muli mwana weniweni amene amabwera pa tsiku la penshoni lokha. Wantchito ndi amene timamuloza msanga chifukwa kumuchotsa n'kosavuta, pamene wachibale ndi khoswe wa pamkhate, sapheka. Mukachotsa wosalakwa, kuba kudzapitirira ndipo mudzakhala mwataya munthu amene agogo anamuzolowera.

Kwa sing'anga kapena kwa mneneri musapite kukafuna wakuba. Gawo 100 la lamulo la milandu la Chapter 9:23 limaletsa kuloza munthu kuti ndi wolakwa pogwiritsa ntchito njira zamatsenga, ndipo mlandu ukhoza kutembenukira inu. Kumumenya, kumutsekera m'chipinda, kumulanda chitupa kapena kuika nkhope yake pa Facebook musanatsimikize, zonsezi zimakupalamulitsani.

Chachisanu ndi chitatu: umboni ukapezeka

Musanamuuze chilichonse, konzani amene adzagone ndi agogo usiku umenewo. Sinthani manambala achinsinsi, imitsani khadi kubanki, tengani kope ndi mankhwala. Kenako mukhale naye pansi pali mboni imodzi ya kwanu ndi imodzi ya kwawo, makamaka uja anamubweretsa. Muonetseni zimene mwapeza ndipo mumusiye ayankhe. "Achemwali, pa 3 ndi pa 9 mwezi uno ndalama inachoka pa foni ya agogo kupita pa nambala yanu. Tatiuzani." Pena pamakhala yankho lomveka, monga kuti anagulira mankhwala usiku ndi ndalama yake n'kudzibwezera. Pena palibe.

Pomuchotsa tsatirani lamulo, chifukwa wakuba amene wachotsedwa molakwika akhoza kukusumirani ku ofesi ya za ntchito n'kupambana. Statutory Instrument 15 ya 2006 imaika kuba ndi chinyengo pakati pa zolakwa zochotsetsa ntchito, koma imafuna kuti mumuimitse kaye ndi kalata yonena chifukwa, mumudziwitse masiku atatu ogwira ntchito za tsiku lomva nkhani yake, ndipo nkhaniyo imvedwe asanathe masiku 14 ogwira ntchito. Lembani zimene zanenedwa, onse asaine. Malipiro a masiku amene anagwira mupatseni. Ngati wavomera kubweza, pangano la kubwezalo lilembedwe palokha, ndi madeti ake.

Kupolisi mupite kapena ayi? Pa paketi ya shuga, ine sindingapite. Pa ndalama ya penshoni, mankhwala, siginecha yabodza, mapepala a nyumba, kapena ngati agogo anamenyedwa, kumanidwa chakudya kapena kugonetsedwa ndi mapilitsi, pitani ku siteshoni ya dera lanu. Kuba kuli mu gawo 113 la lamulo la milandu lija, chinyengo mu gawo 136. Nyamulani fotokope ya chitupa chake, pangano, kope, zithunzi ndi sitetimenti, ndipo musachoke osatenga nambala ya RRB, imene dandaulo lanu lalembedwapo, ndi dzina la wapolisi wogwira nkhaniyo. Ngati pali nkhanza, funsani nthambi ya polisi ya Victim Friendly Unit. Pa nkhani ya nyumba pezani loya msanga kuti aletse kusintha kwa dzina ku ofesi ya mataitolo, ndipo ngati ndalama palibe, yesani a Legal Aid Directorate kapena a Legal Resources Foundation. Abale ake adzabwera kudzapepesa, mwina ndi m'busa. Amvereni, koma chigamulo chikhale cha agogo ngati angathe kulankhula, ndipo musalandire ndalama yoti mukachotse mlandu wa nkhanza.

Akachoka sinthani loko wa pa geti ndi wa chitseko chachikulu, chifukwa kudulitsa kiyi wina ndi ntchito ya mphindi zochepa. Uzani maloja, a famase ndi oyandikana nawo kuti munthuyo sakugwiranso pano. Agogo akhoza kumusowa, ngakhale kumulirira, pakuti ndi amene ankacheza nawo tsiku lonse, choncho masabata oyambawo achibale azifika pafupipafupi. Ndipo banja lina likadzakuimbirani kufunsa za iye, nenani zimene zinatsimikizika, ndi madeti ake, osaonjezera ndiponso osabisa.